Andisankha Education Science ku Chanco koma mtima wanga uli pa Electrical, kusintha nkotheka?

Nachisale_waChinamwali

Moni nonse akuluakulu. Ndalemba nkufufuta kangapo konse koma ndaona kuti bola ndingofunsa, poti kunyumba aliyense akungosangalala palibe amene akundimvetsa. Ndine mtsikana, ndimakhala ku Chinamwali konkuno ku Zomba. MSCE ndinapeza mapointi 12, Biology 1, Agriculture 1, Masamu 2, Physics 2, Chemistry 3, Chingelezi 3. Pa fomu ya NCHE, bungwe limene limayendetsa zosankha ana opita ku mayunivesite a boma, ndinayamba ndi Electrical Engineering ya ku MUBAS ku Blantyre, kenako Electronics and Telecommunication, kenako Civil, ndiye kumapeto kwenikweni ndinaika Education Science ya UNIMA, ndiye Chanco ya ku Chirunga konkuno ku Zomba, chifukwa aphunzitsi athu anati osaika zolimba zokhazokha, ikaniponso ina yoti ikugwireni mukagwa. Mayina atatuluka ndinapeza dzina langa lili pa yomalizayo.

Mayi anga analulutira mpaka aneba anabwera kudzaona kuti kwagwanji. Bambo akuti Mulungu wayankha chifukwa ku Chirunga ndi pafupi, uzichokera pakhomo pano, palibe za lendi ya ku Blantyre, palibe zoti tikutumizire ufa pa basi, ndalama ya kabaza basi. Ine ndikuyamika ndithu, ndikudziwa anzanga amene tinkakhala nawo desiki imodzi amene mayina awo sanatuluke nkomwe, ndipo sindikunyoza uphunzitsi ayi. Koma kuyambira folomu 2 ndakhala ndikutsatira amalume anga amene amaika masola ndi kukonza ma inverter, tayenda nawo ku Jali, ku Songani, ku Thondwe, ineyo ndimakwera padenga, ndimadziwa kuwerengera kuti nyumba iyi ikufunika mabatire angati, ndipo tsiku limene tinayatsa magetsi panyumba ya agogo ena amene moyo wawo wonse ankagwiritsa koloboyi ndi tochi ndinadziuza kuti ntchito yanga ndi imeneyi basi. Pano usiku tulo sindikupeza.

Ndiye ndikufunsa inu amene munadutsamo. Munthu angachoke ku UNIMA nkupita ku MUBAS asanayambe nkomwe kalasi? Kalata imapita kwa ndani, ku NCHE kapena ku yunivesite? Kapena ndingosiya malowa ndidzaikenso fomu chaka cha mawa? Komanso chikundipweteka china, mnyamata wina wa kusukulu kwathu anapeza 13 koma watengedwa engineering, ine wa 12 ayi, zimenezi zimayenda bwanji? Chonde ndithandizeni, masiku olembetsa akuyandikira.

Wamisewu_M3

Mchemwali wanga choyamba zabwino zonse, 12 si masewera. Ndiyambe ndi funso lomalizalo chifukwa ndi limene limadya anthu ambiri mtima. Mapointi aja ndi kuphatikiza kwa maphunziro 6 amene unakhoza bwino, koma pulogalamu iliyonse ili ndi maphunziro ake amene imawayang'ana, ndipo ku engineering ndi Masamu, Physics, Chemistry ndi Chingelezi. Taona ma 1 akowo ali pa Biology ndi Agriculture. Mnzakoyo mwina 13 wakeyo ali ndi 1 pa Masamu ndi 1 pa Physics nkukhala ndi 4 kwinako, ndiye pa mzere wa engineering iyeyo amakhala patsogolo pako ngakhale pa mapointi onse iwe wamuposa. Komanso sunanene kuti watengedwa engineering yake iti, chifukwa anthu amaunjikana pa Civil ndi Electrical pomwe zina zija mpikisano wake umakhala wocheperako. Kota ija yosankha ana potengera maboma inathetsedwa mu 2020, ndiye usadzivutitse kuganiza kuti mwina boma lochokera ndi limene lakugwetsa.

Tsopano za kusamuka. Kale Poly ndi Chanco anali ana a bambo mmodzi, onse pansi pa University of Malawi ndipo likulu lake linali kwanu ku Zomba konko. Kuyambira 2021 anagawana, Poly inasanduka MUBAS, College of Medicine ndi KCN ya anamwino ija anapanga KUHeS, Chanco nkutsala ndi dzina la UNIMA. Ndiye pano aliyense ali ndi Registrar wake, senate yake, malamulo ake. Chimene ukufunacho si kusintha kosi chabe, ndi kutuluka pakhomo pena nkukagogoda pakhomo pa eni ake ena amene ali kale ndi ana awo amene anawasankha, ndipo kumbuyo kwa anawo kuli ena ambiri amene anatsala pang'ono. Sindikunena kuti usayese, kalata siluma, koma ndisakunamize kuti ndi chapafupi.

Ineyo ndinasinthapo koma munali mkati mwa sukulu imodzi. Anandisankha Mechanical ine ndikufuna Civil. Ndinafika, ndinalembetsa kaye pa imene anandipatsayo, sabata yoyamba yomweyo ndinalemba kalata kwa a Registrar kudzera kwa akulu a dipatimenti, nkumatapo kope ya zotsatira zanga za MANEB. Chinandithandiza ndi choti magiredi anga ankakwana pa Civil komanso panali ena amene sanabwere ndiye mpata unapezeka. Makalasi ndinkalowabe a Mechanical mpaka tsiku limene ndinalandira yankho lolembedwa. Ndikutsindika pamenepa, lolembedwa. Wina akakuuza pakamwa kuti zatheka ukayambe kulowa uko, usasunthe.

Lemba makalata awiri, ina ku MUBAS yopempha malo, ina usunge ya kwanu konko. NCHE imagwirizanitsa zosankha koma amene amaphunzitsa ndi kudziwa kuti mu labu muli malo angati ndi yunivesite. Ndipo pamene ukudikira yankho kalembetse ku Chanco. Malo amene uli nawo m'manja usawataye.

Mesho_waChikanda

Sis takulandirani ku Chirunga ngakhale mukubwera mtima uli kwina. Ine ndili chaka chachitatu kuno mbali ya sayansi, ndiye ndikuuzeni chimene ambiri akunja sadziwa. A Education Science masamu ndi physics amaphunzira limodzi ndi ife, holo yomweyo, aphunzitsi omwewo, mayeso omwewo, iwo amangowonjezera za uphunzitsi pamwamba. Ndiye musaganize kuti mukupita kokaphunzira kulemba pa bolodi basi. Komanso konkuno kuli BSc ya Electronics, kuli ya Physics, kuli Computer Science. Kupempha kuchoka ku Education Science kupita ku Electronics ndi nkhani ya m'nyumba imodzi, simukufunika kuti masukulu awiri agwirizane, ndipo ndi magiredi anuwo pempho lanu silingaoneke lachilendo. Mukafika pa orientation musachite manyazi ngati mayaro ena, a chaka choyamba, amene amangotsatira gulu, funsani tsiku lomwelo kuti zosintha pulogalamu zimatsekedwa liti, chifukwa zimenezi zimakhala za masabata oyambirira, mukadikira kuti muzolowere kaye mupeza chitseko chatsekedwa.

Koma ndinenenso chilungamo kuti mawa musadzandidandaule. BSc Electronics ndi ya zaka 4 ndipo ndi digiri ya sayansi, engineering ya ku MUBAS ija ndi zaka 5 ndipo pepala lake limalembedwa engineering. Ma circuit, ma microcontroller, ma signal muzazipeza konkuno ndipo muzasangalala nazo, koma za mphamvu zikuluzikulu zija, ma transformer, ma jenereta, mizere ya ESCOM yonyamula magetsi mtunda wautali, kwawo ndi ku Electrical. Ndiye ngati maloto anu ndi kudzalembetsedwa ngati injiniya ku Malawi Engineering Institution, afunseni iwowo kaye kuti digiri imeneyi amaiona bwanji musanapange chisankho. Ine sindikufuna kukukokerani kuno chifukwa choti ndili kuno.

Aphunzitsi_aPhysics

Mwana wanga, ine ndine mayi ndipo ndaphunzitsa Physics ku sekondale zaka zambiri, ndinadutsa pa Education Science yomweyo. Ndawerenga zonse ndipo ndikufuna ndiyankhule mbali imene anyamatawa sanaikhudze, mbali ya bambo ako.

Bambo akamati Mulungu wayankha sikuti sakuona maloto ako, akuwerengera m'thumba. Zaka 5 ku Blantyre ndi lendi, chakudya, thiransipoti, laputopu, zida zojambulira, kuwonjezera pa fizi. Loni ya ku Loans Board ilipo inde koma ndi yofunsira, ndipo ndi ngongole yodzabweza, siimalipira zonse zimene mwana akufuna. Ndaona ana anzeru kwambiri akubwerako osati chifukwa mutu unakana koma chifukwa ankalowa m'kalasi ndi njala, kugona anthu asanu kachipinda kamodzi, nkumaganiza za landilodi nthawi ya mayeso. Iwe pano uli ndi mwayi woti madzulo ukadya nsima ya mayi ako. Usaupeputse mwayi umenewo. Khala nawo pansi bambo, osati kulira kokha, tenga pepala muwerengere limodzi kuti ku Blantyre pamwezi pangafunike zingati ndipo zichokera kuti. Ngati amalume akowo ali okonzeka kuthandiza anene poyera pamaso pa makolo, zisakhale zongolonjezana panjira.

Chachiwiri, uphunzitsi si ndende. Anzanga amene tinali nawo kalasi imodzi ena anapitiriza masters, ena ali m'makampani, ena tidakali ndi choko ndipo sitikudandaula. Ndipo ndikuuze, mtsikana amene amakwera padenga kuika sola atati waima kutsogolo kwa folomu 3 kuphunzitsa za current ndi voltage, atsikana angati amene angasiye kuopa Physics? Ine m'kalasi mwanga ndimavutika kuwatsimikizira kuti phunziroli si la anyamata okha. Sindikukukakamiza, ndangofuna udziwe kuti kumene wasankhidwako nakonso kukufunika munthu ngati iwe.

Chomaliza ndipo ichi umve bwino. Nyengo ino kumatuluka anthu oimba mafoni kapena kulemba pa WhatsApp kuti ndili ndi munthu mkati, tumizani ndalama pa foni tikusinthireni dzina lipite ku engineering. Mwana wa mchemwali wanga anatumiza ndalama imene mayi ake anagulitsa mbuzi ziwiri, nambala ija mawa lake sinkapezekanso. Kusintha kwenikweni kumayenda ndi kalata ndi sitampa ya ofesi, osati ndi munthu wokumana naye pa depoti.

Wamisewu_M3

Amayi mwanena zoona zokhazokha za ndalama ndi za akubawo, pamenepo sindingatsutse. Koma pang'ono pokha ndisiyane nanu mwaulemu. Mawu oti yamba kaye uzasintha kutsogolo ndi amene anatsekera anthu ambiri. Munthu ukamaliza Education, masters imene ingakutsegukire mosavuta ndi ya physics, masamu kapena maphunziro, koma kuti udzasaine mapulani a magetsi a nyumba yosanja ngati injiniya pamafunika maziko a engineering, ndipo kubwerera kukayamba zaka zina uli ndi ana ndi ntchito si onse amakwanitsa. Ndiye ngati mwanayu akufunadi, nthawi yomenyera nkhondo ndi inoyi, masabata ano, akadali ndi mphamvu komanso magiredi ake akadali atsopano. Akakanidwa adzakhala ku Chanco mtima uli m'malo podziwa kuti anayesa. Komanso anthu okwana pa ntchitoyi akusowa, taonani mmene namondwe Freddy anatisiyira mu 2023, milatho, misewu, mapolo a magetsi zonse pansi, ife tinkagona m'matenti kumalo antchito. Mtsikana amene ali kale ndi manja a ntchito ngati ameneyu ine ndingakonde atalowa m'gulu lathu.

Chipyela_Solar

Achemwali ine ndilankhule ngati munthu wa spanala, sindinapite ku yunivesite poyamba. Ndinadutsa ku technical college, za Electrical Installation, ndinagwira ntchito zaka zingapo, kenako ndinapanga dipuloma, pano ndi pamene ndikulimbana ndi digiri ngati wa mature entry, masana ntchito usiku mabuku. Njira imeneyi ndi yaitali ndipo ndi yotopetsa koma ilipo, ndangoti muidziwe kuti musaone ngati dzina likapanda kutuluka pa Electrical ndiye kuti magetsi akutsanzikani.

Koma funso limene ndikufuna mudzifunse ndi ili, chimene mumakonda pa ntchito ya amalume anuyo nchiyani kwenikweni? Chifukwa ine ndinadabwa nditalowa m'kalasi ya digiri. Ndinkadziona ngati dolo, nyumba ndawayaringa zosawerengeka, koma kumeneko pulayala simuigwira kawirikawiri ayi, ndi masamu okhaokha, calculus, complex numbers, Laplace, kuwerengera kuti jenereta ikazima mwadzidzidzi ma frequency a gridi yonse achita bwanji. Mukukumbuka namondwe Ana atagumula damu la Kapichira mu January 2022, dziko linataya pafupifupi 130 megawatts nthawi imodzi ndipo tonse tinakhala mu mdima wa maola ambirimbiri kwa nthawi yaitali. Amene ankakhala pansi kuwerengera kuti magetsi otsala a ku Nkula ndi Tedzani agawidwe bwanji osagwetsa zonse, amenewo ndiye a Electrical. Ngati zimenezo zikukukokani, mukamva nkhani ngati imeneyi mtima nkumafuna kudziwa kuti amawerengera bwanji, menyani nkhondo mupite. Koma ngati chimene chimakusangalatsani ndi kuona babu ikuyaka kwa agogo aja, kukhala ndi kampani yanu ya masola, kulemba anyamata ndi atsikana ntchito, ndiye physics kapena electronics ya ku Chanco kuphatikiza satifiketi ya za mawaya ndi chilolezo cha MERA, bungwe loyang'anira za magetsi ndi mafuta, zikufikitsani kumeneko bwinobwino, mwinanso msanga, uku Loweruka lililonse mukupitiriza kuyenda ndi amalume.

Za kusiya malo kuti mudzaikenso fomu chaka cha mawa, ine ndiye ndikukanizani. Mng'ono wanga anachita zimenezo, anasankhidwa kosi ina ku yunivesite ina, anati sindikuifuna ndidikira, anabwereza folomu 4 kuti atsitse mapointi, chaka chimenecho anadwala nthawi ya mayeso zotsatira zinabwera zoipa kuposa zoyamba, ndipo ana atsopano anali atakhoza kwambiri. Mpaka lero nkhani imeneyi sitiikamba pakhomo. Komanso musanaganize nkomwe zimenezo werengani chilengezo cha NCHE mzere ndi mzere pamene akunena za anthu amene anasankhidwapo kale ndi zaka za MSCE zimene akulandira, musangomva za m'maluwa.

China, ngati mulemba kalata yopempha malo musaiwale kuti engineering sili ku MUBAS kokha. MUST ku Thyolo ili ndi Chemical, Biomedical, Metallurgy, ku Bunda kuli Irrigation ndi Agricultural Engineering ndipo ndi 1 wanu wa Agriculture uja kumeneko mukanawala, ku Mzuni, yunivesite ya ku Mzuzu, kuli za renewable energy zimene ndi masola anu omwewo. Anthu timangothamangira dzina limodzi.

Nachisale_waChinamwali

Zikomo nonse, ndawerenga kawiri kawiri yankho lililonse. Achimwene a misewu mwandimasula pa nkhani ya 13 ija, ndamufunsa mnzangayo ndipo ndi zoona ali ndi 1 pa Masamu, komanso imene watengedwa si Electrical. Mtima unali ukundiwawa ngati andibera, pano ndamvetsa.

Amayi aphunzitsi, ndachita zimene munanena. Dzulo madzulo tinakhala pakhonde ndi bambo ndi pepala, amalume anabweranso. Titawerengera za ku Blantyre bambo anakhala chete nthawi yaitali kenako anati sindinadziwe kuti ukuzifuna chonchi, ndimayesa umangoperekeza amalume ako. Amalume alonjeza pamaso pa onse kuti zikatheka lendi ndi yawo, koma fizi ndi chakudya ndiye mpaka loni itatuluka. Sizinathe bwinobwino koma bola pano tikukambirana.

Funso la achimwene a Solar ndi limene landigoneka mochedwa. Kunena zoona zonse ziwiri ndimazifuna, babu ya agogo ija komanso masamu ake, chifukwa chimene chimandinyansa tikamagwira ntchito ndi choti inverter ikapsa timangosintha board yonse osadziwa kuti chapsa nchiyani ndipo chifukwa chiyani, ine ndimafuna ndizidziwa. Mwina ndiye kuti Electronics ija si yakutali ndi mtima wanga mmene ndimaganizira. Za Mzuni sindinkazidziwa nkomwe pamene ndinkadzaza fomu, zinandipweteka pang'ono kuzimva mochedwa.

Ndiye ndapanga chonchi, ku Chanco ndikalembetsa, malo sinditaya. Kalata ya ku MUBAS ndalemba kale ndipo Lolemba ndikwera minibasi ndikaipereke ndekha ku Chichiri kuti andidindire kope yanga. Ina ya Electronics ndaisunga mu envelopu kudikira orientation. Mesho_waChikanda chonde ndiuzeni, kalata imeneyi ndiyambire kwa a Dean a ku Education kumene ndikuchoka kapena a ku sayansi kumene ndikupita? Komanso kope ya zotsatira ija ikufunika yodindidwa ndi a Commissioner for Oaths kapena fotokope wamba ikwana?

Mesho_waChikanda

Dindisani sis, pangani makope atatu odindidwa, ina ya ku Blantyre ina ya kuno ina yosunga, simutaya kanthu. Za koyambira musaganizire, tsiku loyamba pitani ku ofesi ya Registrar ndi kalatayo m'manja akuuzani okha kuti isainidwe ndi ndani kaye, ndipo mulembe tsiku ndi dzina la ofesi iliyonse imene mwaisiya. Mukafika mundilembere ku inbox, ndikudikirirani pa Great Hall ndikuperekezeni, ndikakuonetseninso labu ya electronics muone nokha ma oscilloscope musanasankhe.